Kapulana wa Monika ndi Nyimbo Zimene Zinkasowa

Ndikukumbukira kachipinda ka kuseri kwa sukulu yathu ku Metangula, kamene kale ankasungiramo makasu ndi matsache. Fungo la dothi ndi dzimbiri silinachokemo ngakhale atakapaka laimu. Munali tebulo, benchi yomwe mwendo wake wina unali wochirikizidwa ndi njerwa, ndi kompyuta imodzi. Kompyutayo inali yoyera pa ubwana wake, koma pofika kwa ife inali itasanduka mtundu wa dzino la munthu wosuta fodya. Ikayatsidwa inkalira ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini, ndipo kumbuyo kwake kunkatuluka kamphepo kofunda konunkha fumbi lopserera. Miyezi ya mwera, mphepo ya kunyanja ikamatilowa m'mafupa, tinkalimbirana kukhala mbali imeneyo.

Ndinali mu oitava, kalasi lachisanu ndi chitatu, ndipo kwathu kunali ku Msumba. Loweruka m'mawa ndinkabwereka njinga ya atate, imene inalibe mabuleki a kutsogolo, n'kutsika nayo kudzera pa Chiwanga. Pamenepo usipa unkakhala utayanikidwa kale pa mathandala, uli waliwali padzuwa, ndipo fungo lake linkandiperekeza mpaka pa geti la sukulu. Anzanga ankatsala akusoka maukonde kapena kusambira. Amayi sankamvetsa chimene chinkanditengera kusukulu tsiku lopanda sukulu, koma poti ndinkabwerako osanyowa ndiponso osavulala, ankangondimangira chinangwa chophika m'kapepala.

Amene anatitsegulira kachipindako anali apulofesolo Tembe, mphunzitsi wa masamu amene boma linawatumiza kwathu kuchokera kumwera kwenikweni kwa dziko. Chinyanja chawo chinali cha pamsika, chokwanira kugulira tomato ndi kulonjera akuluakulu. Nyanja ankaikonda ali pamtunda. Bwato sanakwerepo, ndipo ankati munthu amene anaphunzira masamu sangakhulupirire mtengo woboola. Iwo ndiwo anapempha adilekitolo a sukulu kuti ana angapo aziphunzira kulemba mapulogalamu Loweruka. Adilekitolo sanakondwe nazo, chifukwa kompyutayo ankaifuna ku sekeletariya, ofesi ya sukulu. Analola, koma ananena poyera kuti tsiku limene adzamve kuti ana akuononga makina, adzawanyamula okha pamutu.

Apulofesolo sankafuna kuti tizingophunzira kutayipa makalata. Ankati pulogalamu ndi chida, ndipo chida chopanda ntchito n'chidole. Ntchitoyo inapezeka ku tchalitchi kwathu ku Msumba. Mabuku a nyimbo anali atang'ambika, ena atadyedwa ndi chiswe, ndipo nyimbo zambiri zinatsala m'mitu ya amayi a kwaya basi. Chaka chimenecho kunali kubwera chikondwerero cha tchalitchi chathu, ndipo kunkayembekezeka alendo ochokera ku Likoma. Amayi a kwaya anafuna mapepala a nyimbo oti alendowo aziimba nafe. Choncho tinayamba kupanga pulogalamu yosungira nyimbo. Mbali zovuta ankalemba apulofesolo, ife tinkaonjezera timizere pang'onopang'ono, iwo ataima kumbuyo kwathu akutafuna chotokosera m'mano.

Kayendedwe kake anatifotokozera motere. Nyimbo zonse zinkakhala mu fayilo imodzi, imene iwo ankaitchula kuti fisheru. Fayiloyo inali ngati nkhokwe. Pulogalamu ikatsegulidwa, inkatapa zonse za m'nkhokwemo n'kuziika m'dengu lake, mmene zinkakhala zondandalikidwa bwino, nyimbo iliyonse pamalo pake. Munthu ukalemba nyimbo yatsopano, inkalowa m'dengumo. Potseka, pulogalamuyo inkasesa nkhokwe yonse n'kukhuthuliramo za m'dengu. Zinali zosavuta kumva, ndipo tinkanyadira kwambiri kuti ukalemba mawu awiri okha a m'kati mwa nyimbo, makinawo ankakupezera nyimbo yonse mwamsanga kuposa mayi aliyense wa kwaya.

Tinalipo ana ochepa, koma amene ndimawakumbukira kwambiri ndi awiri. Wina anali Boni, mwana wa msilikali wa pamadzi, amene apulofesolo akangotuluka ankatsegula masewera a makadi. Wina anali Monika, wa ku Msumba komweko, amene patapita zaka anadzakhala mkazi wanga. Pa nthawiyo sindinkamuona choncho. Ndinkamuona ngati mtsikana wamiyendo yaitali amene ankandipitirira panjira ali wapansi ine ndikukonza tcheni cha njinga. Monika sankadziwa kudikira. Akafika pakhomo la munthu ankanena odi katatu mpweya umodzi, mwini nyumba asanapeze n'komwe nsapato. Nyimbo zambiri ankabwera nazo ndi iye, chifukwa azakhali ake, a Edite, ndiwo ankatsogolera kwaya. Ankamuimbira madzulo, iye n'kuzisunga m'mutu mpaka Loweruka. Pozilemba ankaimba chapansipansi, zala zake ziwiri zikujompha mabatani ngati nkhuku pamphale.

Kenaka nyimbo zinayamba kusowa. Monika ankalemba m'mawa wonse, tonse tikuona, koma Loweruka lotsatira nyimbozo kunalibe. Zakale zinalipo, zatsopano zokha n'zimene zinkapita. Sizinkachitika nthawi zonse. Ine ndikalemba zinkakhala. Boni akalemba, nthawi zina zinkakhala. Koma za Monika zinkangosungunuka ngati mchere m'madzi. Iye ankazilembanso, milomo atailuma, n'kusowanso. Ulendo wachitatu analira, ngakhale anakana kuti sakulira, akuti ndi fumbi la m'kachipindamo.

A Edite atamva kuti nyimbo zawo zikutayika m'makina, anakadandaula kwa abambo a tchalitchi, ndipo mawu anayenda mpaka anafika kwa adilekitolo. Tinayamba kukayikira Boni ndi makadi ake, iye n'kulumbira kuti sanakhudze kanthu. Adilekitolo anabwera okha, n'kuima pakhomo manja ali m'chiuno. Sanakalipe. Anangoti iwo analonjeza kale abambo a tchalitchi kuti mapepala adzasindikizidwa, ndipo ngati tsiku losindikiza lifika nyimbo kulibe, kachipindako kabwerera kwa makasu. Atatero anachoka. Kwa ine kachipinda kameneko kanali khomo lokhalo limene ndinkaliona loloza kwina kosati kubwato la atate, ndipo ndinkamva ngati likutsekeka ndikuona.

Loweruka lotsatira apulofesolo sanaphunzitse kanthu. Anangoti Monika achite monga amachitira masiku onse, iwo ataima kumbuyo. Monika anagwira kachida koloza nako pagalasi, kamene apulofesolo ankati ratu koma ife tinkangoti mbewa, n'kudina pa chizindikiro cha pulogalamu yathu. Makina aja, mwa ukalamba wawo, anangolira osaonetsa kanthu. Monika anadinanso. Anadinanso kachitatu. Patapita kanthawi zenera la pulogalamu linatseguka, iye n'kulemba nyimbo imodzi. Atamaliza anatseka, koma zenera linali pomwepo. Anatsekanso, likadali pomwepo. Kachitatu m'pamene linachoka. Ife sitinadabwe, chifukwa tinkadziwa kuti zenera limenelo ndi lamakani, makamaka kwa Monika.

Apulofesolo anachotsa chotokosera m'kamwa. Anauza Monika kuti ayambirenso, ndipo zenera litatseguka, anatsegula malo ena amene tinali tisanawaonepo, oonetsa mapulogalamu onse amene ali moyo m'makina pa nthawiyo. Iliyonse inali ndi dzina lake ndi nambala yake. Dzina la pulogalamu yathu linaoneka katatu, ndi manambala atatu osiyana. Kenaka anakoka zenera lija n'kulisunthira pambali, ndipo kuseri kwake kunali lina lofanana nalo, ndi linanso kuseri kwa limenelo, atasanjikizana ngati mbale.

Sanali makani ayi. Kudina kulikonse kunkadzutsa pulogalamu yakeyake, ndipo iliyonse inkatapa dengu lake m'nkhokwe imodzi yomweyo. Monika ankalemba m'zenera la pamwamba. Akalitseka, nyimbo zake zinkalowadi m'nkhokwe. Koma akatseka lachiwiri, limene dengu lake linali ndi zakale zokha, linkasesa nkhokwe yonse n'kukhuthuliramo zakalezo. Ine nyimbo zanga zinkakhala chifukwa ndinkaopa makina, ndiye ndinkadina kamodzi n'kupinda manja. Tonse a kunyanja tinaleredwa kuti pakhomo ukanena odi osayankhidwa, umabwereza mokweza. Palibe anatiuza kuti pakhomo ili odi aliyense amalowetsa mlendo wake.

Boni anapuma mwamphamvu, n'kupempha kuti wina akauze a Edite kuti iye si wakuba. Apulofesolo anatifunsa m'Chipwitikizi kuti tichite chiyani kuti wachiwiri azidziwa kuti m'kati muli kale mnzake. Ine ndinati timate pepala pakhoma lolembedwa kuti dikirani.

"Pepala limenelo Monika angaliwerenge?" anatero Boni. "Bola tingom'manga chala."

"Ndikumanga iweyo pakamwa," anayankha Monika. Kenaka anati, "Apulofesolo, kwathu bafa lilibe chitseko. Ndi mpanda wa bango basi. Munthu akalowa amakoleka kapulana wake pampanda. Wobwera akaona nsaluyo amabwerera yekha, safunsanso. Wosambayo akatuluka amachotsa."

Apulofesolo anagwira pamphumi n'kuyamba kuseka, kuseka kosatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka. Atapeza mpweya anatiuza kuti mwezi wawo woyamba ku Metangula, mvula itayamba kudontha, anaona nsalu ya amayi a nyumba imene ankachita lendi ili pampanda, ndipo mwa ulemu anaichotsa n'kukaisunga m'nyumba. Amayiwo anawakalipira kuchokera kuseri kwa mpanda m'Chinyanja chothamanga, ndipo mpaka tsiku limenelo iwo anali asanadziwe chimene analakwa.

Anati njira imeneyo ilimo m'mabuku ndipo ili ndi dzina lake, koma ife tinaitcha kapulana. Tinalemba tsiku lomwelo. Pulogalamu ikamadzuka, iyambe yayang'ana ngati pambali pa nkhokwe pali kafayilo kakang'ono kotchedwa kapulana. Ngati kalipo, ionetse mawu akuti "Muli munthu" n'kudzitsekera yokha, osakhudza nyimbo. Ngati palibe, ikoleke kake, igwire ntchito, ndipo potuluka ikachotse. Mzere wochotsawo ndinalemba ndine, ndipo ndinauwerenga kangapo ngati kalata ya chibwenzi. Monika anayesa kudina kasanu motsatizana mwadala. Zenera linatseguka limodzi, ena onse anabwerera pampanda. Kuyambira pamenepo nyimbo zinakhazikika, ndipo dengu linayamba kulemera.

Sabata ya chikondwerero apulofesolo anaitanidwa ku msonkhano wa aphunzitsi ku Lichinga. Anatisiyira kiyi kwa mlonda kuti timalize nyimbo zotsala Lachinayi masana, popeza adilekitolo anati adzasindikiza Lachisanu m'mawa. Kunali kotentha, ndipo malata a kachipindako ankathetheka. Tikamaliza nyimbo iliyonse tinkatseka pulogalamu kuti nyimboyo ilowe m'nkhokwe, ndipo Boni anali pakati pa nyimbo yomaliza pamene magetsi anazima. Galasi linada, njuchi zija zinakhala chete, ndipo tinayamba kumva mbuzi za kuseri kwa mpanda wa sukulu. Sitinade nkhawa kwambiri, poti kuzima kwa magetsi kunali ngati kubwera kwa mwera, chinthu chongodikira kuti chidutse. Tinakhala pakhonde n'kugawana chinangwa cha amayi.

Magetsi atabwera tinayatsa makina, Monika n'kudina. Panatuluka mawu aja: "Muli munthu." Anadinanso, chimodzimodzi. Boni anayesa, ine ndinayesa. Tinazimitsa n'kuyatsanso. "Muli munthu." Nyimbo zonse za a Edite zinali m'katimo, kuseri kwa mpanda umene tinamanga tokha, ndipo apulofesolo anali kumapiri kutali. Ndinaona m'maganizo adilekitolo atasenza kompyuta pamutu monga analonjezera. Boni anayamba kunena kuti mwina ndi bwino tonse tidwale mawa.

Ndinakhala pabenchi n'kutsatira mizere yathu m'mutu, umodzi umodzi, mpaka ndinafika pa mzere wanga uja. Unkagwira ntchito pulogalamu ikamatsekedwa bwinobwino. Koma magetsi anaidula ili m'kati, isanafike pochotsa nsalu. Wosambayo anali atapita, kapulana n'kutsala pampanda. Ndinawafotokozera anzanga, n'kutsegula malo amene kafayiloko kankakhala. Kanalipodi, kopanda kanthu m'kati, kakungotitsekereza. Ndinakasankha, chala changa chili pa batani lofufutira.

Monika anandigwira pamkono. Dzanja lake linali lozizira ndi madzi a pampopi, ndipo aka kanali koyamba kundikhudza osati pondikankha.

"Iwe Banaba, kapulana wa munthu sachotsa usananene odi," anatero. "Tadinadina kambirimbiri pano. Ukudziwa bwanji kuti palibe amene walowa?"

"Magetsi anapha zonse," ndinayankha.

"Ndiye ukuopa chiyani kufunsa?"

Iye amene sankadikira pakhomo la munthu aliyense ndiye anandidikiritsa tsiku limenelo. Tinafufuza mpaka tinapeza malo aja oonetsa mapulogalamu amoyo, n'kuwerenga maina onse kuyambira pamwamba mpaka pansi, Monika akulondola ndi chala pagalasi. Dzina la pulogalamu yathu panalibe. Boni anaweramira pa kompyuta, n'kuika manja kukamwa, n'kunena mwaulemu wonse ngati ali pakhomo la apongozi, "Odi kubafako." Tinadikira ndithu, ngakhale tinkadziwa kuti ndi zopusa. Kenaka ndinafufuta kafayiloko, Monika n'kudina kamodzi kokha, manja n'kuwakhalira. Zenera linatseguka. Nyimbo zonse zinalimo, kupatula ya Boni yomaliza ija, imene anailembanso akung'ung'udza kuti ngakhale magetsi amamuda.

M'mawa mwake adilekitolo anabweretsa makina osindikizira kuchokera ku sekeletariya, ndipo mapepala anatuluka ofunda ngati mikate. Anawerenga tsamba loyamba, n'kuyamba kuing'ung'uza nyimboyo osazindikira, kenaka anatsokomola n'kunena kuti benchi imeneyo ikufunika kukonzedwa mwendo. Za kunyamula kompyuta sanazitchulenso. Pa chikondwerero amayi a kwaya sanayang'ane n'komwe mapepalawo, chifukwa nyimbozo zinali zawo kale. Ankangodzikupiza nawo m'tchalitchi modzaza thukuta ndi fungo la lubani. Koma alendo a ku Likoma anaimba nafe mawu onse, ndipo pokwera boti anawapinda bwino n'kuwaika m'zikwama. A Edite anam'patsa Boni chidutswa cha nsomba yokazinga, osanena kuti n'chachiyani.

Apulofesolo atabwera n'kumva nkhani yonse, anati pulogalamu iyenera kuphunzira kunena odi yokha. Tinasintha kuti pokoleka kapulana izilembamo nambala yake ija. Wobwera pambuyo akapeza nsalu pampanda, aziwerenga nambalayo n'kufunsa makina ngati mwini wake akadali moyo. Ngati alipo, abwerere. Ngati palibe woyankha, achotse nsaluyo n'kulowa. Mzere umenewonso ndinalemba ndine. Magetsi anapitiriza kuzima monga mwa nthawi zonse, koma sanatitsekerenso kunja.

Zinthu zasintha tsopano. Ndinakaphunzira ku koleji ku Nampula, ndipo ndimagwira ntchito yolemba ndi kukonza mapulogalamu mu ofesi ina ku Lichinga. Makina a masiku ano amayankha chala chisanachoke pa batani, choncho palibe amene amanena odi kawiri. Ana a ku Msumba nyimbo ali nazo m'mafoni, ndi mawu ake ndi maimbidwe ake omwe. Kachipinda kaja ndinamva kuti anakagumula pokulitsa sukulu. Ngakhale mabafa ambiri kwathu ali ndi zitseko ndi maloko. Koma vuto lija silinathe. Ndimakumana nalobe, mapulogalamu awiri akulimbirana fayilo imodzi, kapena imodzi itafa n'kusiya chizindikiro chake pakhomo. Ndikudziwa njira zina zabwino kuposa yathu ija, koma kafayiloko ndikakafuna ndimakatchabe kapulana, ndipo anzanga a ku ofesi anatopa n'kufunsa chifukwa chake. Ndikaona zonsezi ndimaona kuti ndinali ndi ubwana wabwino, ndi mphunzitsi wabwino, ndipo mnzanga ndinam'peza msanga.

Monika anatisiya dzinja lapitali, atadwala kanthawi kochepa. Mwambo wonse unachitikira ku Msumba, ndipo amayi a kwaya anaimba osagwira pepala. Pambuyo pake abale ake anabwera ku Lichinga kudzagawa zovala zake monga mwa mwambo, ndipo anachita zonse mwaulemu. Nyumba imene timakhala ili ndi bafa la m'kati, la chitseko ndi loko wogwira bwino, koma Monika lokoyo sankamukhulupirira. Ankakolekabe kapulana pamwamba pa chitseko, wobiriwira wa timaluwa tachikasu. Tsiku limene tinapita kuchipatala kapulanayo anatsala pomwepo. Abale aja anamudutsa kangapo, ndipo palibe anamukhudza, poti onse ndi a kunyanja.

Mwana wathu wamkazi, amene wangoyamba kumene sukulu ya mkaka, amathamanga ngati mayi ake ndipo sadikira kanthu. Koma akafika pa chitseko chimenecho amaima n'kunena odi katatu mpweya umodzi, kenaka n'kulowa. Ine ndimanena kamodzi, n'kudikira pang'ono. Chimene chimatsatira pakapanda woyankha ndikuchidziwa bwino, poti mzere wake ndinalemba ndine. Nsaluyo ikadali pomwepo.